Chikhomo M'khitchini ya Mandipa

Nyamatsanga
3 Febuluwale 1996

Mlongo wanga Nyengeterai,

Ndikhulupirira uli bwino ku Botswana kumeneko pamodzi ndi odwala ako. Kuno tadzuka. Mkazi wanga Mai Garikai alipo, mwana wathu Garikai akadali kuzungulira m'tauni kufuna ntchito. Ine kachifuwa kokha, fumbi la kunjanji lija. Mvula yabwera yambiri chaka chino.

Nkhani ndi ya puloti ya bambo. Ukudziwa kuti atamwalira, akhoti analemba dzina langa lokha pa chikalata cha malo chifukwa ndine mwana wamwamuna wamkulu. Sindinapemphe, lamulo ndilo linatero. Koma iwe ndi ine tikudziwa zimene mwini malo anachita akadali ndi mphamvu. Anadzala mizere iwiri ya khonje kuchokera kumsewu mpaka kumtsinje, malo n'kukhala zigawo zitatu. Chakumadzulo changa, chapakati cha malemu mng'ono wanga Kudzanai, chakum'mawa chako.

Khonje si chikalata. Mandipa, mkazi wa Kudzanai, akukhala ndi ana ake awiri m'nyumba imene mwamuna wake anamanga pachigawo chapakati, koma papepala nyumbayo ili pamalo anga. Nditati ndafa mawa, zonse zigwera m'manja mwa Garikai, ndipo mwana wanga ndimamudziwa. Choncho ndaganiza kuti tipemphe khonsolo idule malowa, aliyense akhale ndi chikalata chake, Mandipa asadzachotsedwe ndi munthu.

Pakufunika wopima malo woti ajambule mapu, ndipo anthu amenewa sagwira ntchito yothokoza. Tumiza kangachepe kamene ungakwanitse, kotsalako ndiona ine.

Ndine mlongo wako,
Tapfumaneyi

Francistown
20 Febuluwale 1996

Achimwene,

Kalata yanu ndalandira. Ndinayamba ndakhala pansi ndisanaitsegule, chifukwa inu mukalemba ndiye kuti wina wamwalira kapena mukufuna ndalama. Ndathokoza Mulungu kuti ulendo uno ndi ndalama. Ndatumiza kupositi, mukatenge.

Ine ndili bwino, kungoti kuno dzuwa likuotcha ngati lili nafe pa mlandu. Chifuwacho musachiseweretse. Inu amuna a kunjanji chilichonse mumati fumbi, mpaka tsiku limene akunyamulani pa wilibala. Pitani akakujambuleni.

Za malozo mwachita bwino, ndipo mwachedwa. Ndikukumbukira tsiku lodzala khonje lija. Ine ndinagwira chingwe kumsewu, Kudzanai kumtsinje, inu mukukumba uku mukung'ung'udza. Bambo anati kumudzi kwathu munda sadula chopingasa, amadula chotalika, kuti mwana aliyense akhale ndi mutu kumsewu, mapazi m'madzi, pasapezeke wodutsa pakhomo pa mnzake popita kokatunga. Wopima malo wanuyo angotsata khonjelo basi. Ntchito anamugwirira kale ndi bambo.

Chinanso, musaiwale kuti Mandipa ndi mkazi wanga. Tsiku la mwambo wa chokolo anakudutsani inu ndi asuweni athu onse awiri, mbale ya madzi n'kudzaiika pamaso pa ine, kusonyeza kuti mwamuna wina sakumufuna, womuyang'anira ndine. Ndinasamba m'manja anthu onse akuona. Wokhudza iyeyo wakhudza ine. Mawu amenewa muwafikitse kwa alamu anga Mai Garikai, koma mofatsa, chifukwa makola awo a nkhuku amakonda kuyenda usiku n'kulowera chakum'mawa.

Mundidziwitse mmene ziyendere. Musadikire kuti wina afe.

Mlongo wanu,
Nyengeterai

Puloti 14, Nyamatsanga
9 Juni 1996

Tete Nyengeterai, mlamu wanga ndiponso mwamuna wanga,

Muli bwanji inu mwamuna wothawa banja? Ife tilipo. Mwana wanga Ruvarashe, Ruva wanu uja, wakhoza bwino kalasi lake, Tinotenda mano akutsogolo onse anaguluka, akulankhula ngati nkhalamba. Majuzi aja afika pa nthawi yake, kuzizira kwayamba.

Ndalemba kuti ndimve ngati mukudziwa kanthu za malo. Wopima anabwera mu Malichi, anayenda ndi ndodo zake motsatira khonje, anamwa maheu anga n'kupita. Kuchokera pamenepo zii. Abambo aakulu, achimwene anuwo, amabwera Loweruka lililonse kudzaona chigawo chawo, koma mukudziwa khalidwe lawo. Chichitikire mwambo uja sanapondepo pakhomo panga. Amaima kumsewu, chipewa m'manja, n'kufuula kuti, "Mwadzuka bwanji kumeneko?" Ine n'kuyankha ndili pakhonde. Nkhani ya malo munthu angaifunse mofuula chonchi, anthu a pa Puloti 13 akumva?

Sindikuwadandaula kwenikweni. Tsiku lina anangonyamula Tinotenda pa njinga kuchokera kusukulu, mawa lake kuchigayo kunali kale nkhani yoti mbale ya madzi ija ndinawamana masana koma ndinawapatsa kuseri. Ndiye amandithawa ngati ndili ndi nthomba.

Amene sandithawa ndi Mai Garikai. Lachinayi anabwera kudzadyetsa nkhuku zawo ine ndikuthyola rape m'dimba langa. Anatsamira pa waya n'kunena kuti, "Mai Ruva, masambawa mukubzalabe? Muli ndi mtima."

Ndinati, "Nanga ndibzale chiyani, maluwa?"

"Ayi, ndimangoti munthu wokhala pamalo a eni amabzala zokolola msanga."

"Eni ake ndani? Mwamuna wanga anafa, koma khonje lake silinafe."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Khonje! Kafunseni abambo anu aakulu zimene khonsolo yanena za khonjelo. Kalata ili m'thumba la jekete mwezi wathunthu tsopano, yafika mpaka pong'ambika."

Tete, ndinasiya masamba pomwepo n'kulowa m'nyumba. Kalata yanji? Ngati yabwera, bwanji sakunena? Inu ndinu mlongo wawo, akhoza kukuuzani. Afunseni, chonde, koma musatchule kuti ndine ndakutumani.

Mkazi wanu wosiyidwa,
Mandipa

Nyamatsanga
21 Julaye 1996

Nyengeterai,

Moni. Makalata ako awiri ndalandira, yachiwiriyo inali ndi mafunso ambiri kuposa apolisi. Ndalama yako sindinadye. Ndinangokhala chete chifukwa ndinalibe chabwino chonena.

Khonsolo yakana. Ndinapita ndekha kuofesi kukamva bwino, ndipo ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Amene anandilandira ndi mayi wa magalasi, waulemu ndithu. Anayala mapu patebulo n'kufunsa kuti, "Bambo, anadula chonchi ndani? Izi ndi zingwe, si mapuloti."

Ndinati, "Bambo anga, mayi."

Anati, "Pepani." Kenako anandiwerengera zifukwa.

Choyamba, puloti iliyonse kuno iyenera kukhala ndi mamita makumi anayi kumbali ya msewu. Yathu yonse ili ndi makumi asanu ndi anayi, ndiye ukagawa patatu aliyense akupeza makumi atatu okha. Chachiwiri, dambo la kumunsi saliwerengera, akuti si malo omangapo. Mapazi m'madzi aja amene bambo ankanyadira, kwa iwowa ndiwo mlandu. Chachitatu, kuno kulibe mapaipi a zimbudzi, aliyense amakumba dzenje lake ndi chitsime chake, choncho puloti imodzi iyenera kukhala ndi theka la hekitala la nthaka youma, kuopa kuti wina angamamwe za mnzake. Nthaka youma yathu ndi hekitala imodzi ndi kachidutswa.

Ndinati, "Mayi, ana tilipo atatu."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Ine sindiwerenga ana, bambo, ndimawerenga mamita. Pamenepa patuluka awiri. Mukadula pakati kuchokera kumsewu, mubwere, ndidzakuthandizani."

Ndiye ndi zimenezo. Malo a awiri, ife atatu. Ndinatuluka muofesimo ndili ndi ukali umene sindinadziwe woupatsa. Bambo anagwira ntchito zaka makumi atatu kuti agule malo aja, anawagawa mwachilungamo chimene ankachidziwa, lero munthu akuti zingwe.

Usandifunse kuti ndichita chiyani. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndikuganiza. Kuntchito andipumitsa chifukwa cha chifuwa, ndiye usaimbenso foni kumeneko.

Tapfumaneyi

Puloti 14, Nyamatsanga
2 Okutobala 1996

Tete,

Moni ndipereka, koma za umoyo musandifunse. Ana ali bwino, ine ayi.

Munandilembera kuti patuluka awiri ndipo ndidekhe, abambo aakulu akuganiza. Aganiza, amaliza. Lolemba wopima uja anabweranso ndi anthu awiri onyamula makasu. Ulendo uno maheu anakana. Anayamba kumsewu kukhoma zikhomo zachitsulo, kutsika nazo pakatikati pa chigawo changa, kudutsa pa chingwe choyanikira zovala, mpaka anafika pa khitchini yanga ya panja. Anaima, anayang'ana pepala lake, anati, "Mayi, tachotsani mphikawu." Chikhomo anachikhoma pambali pa mafuwa. Ndikulemba pano chili pomwepo, Tinotenda wapunthwa nacho kale kawiri.

Ndinamufunsa kuti, "Mbali iyi ndi ya ndani, nanga iyo ndi ya ndani?"

Anati, "Ine ndimakhoma, mayi, mayina ali ndi amene anandituma."

Amene anamutumawo anali ataima kumsewu, chipewa m'manja. Awonda, Tete, jekete likuwalendewera. Anthu a makasu aja atayamba kuzula khonje, anatembenuka n'kuyang'ana kumbali. Mizere yonse iwiri yazulidwa, aunjika kumunsi kuti aotche. Ndinathamanga mpaka kumsewu, ulemu ndinauiwala. Ndinati, "Abambo aakulu, ndiuzeni, ndikhala kapena ndichoka?" Anayang'ana uku ndi uku, pa Puloti 13 akazi atatu ali pa mpanda ngati nkhunda. Anangoti, "Mudzamva kwa atete anu, ndinawalembera," n'kukwera njinga.

Kodi anakulemberani? Ngati anakulemberani, nanunso mukundibisira?

Mai Garikai ndiye sanabise kanthu. Anayenda motsatira zikhomozo akuwerenga mapazi, anafika pakhonde langa n'kugogoda khoma ndi chala. Anati, "Njerwa zake n'zabwino. Mwaona mmene wadulira? Nyumbayi yagwera kumadzulo, mbali ya makola anga. Kum'mawako n'kwa anamwino a ku Botswana. Inu mwagwera pachikhomo."

Ndinati, "Nyumba iyi njerwa zake ndinaumba ndine, ndili ndi mimba ya Ruva."

"Tidzakuthokozani pa tsiku lolowa. Garikai akufuna kukwatira, munthu wamkulu sangamagone pabalaza."

Ndalira mpaka maso atupa. Kwathu kumudzi mayi akukhala m'kanyumba kamodzi ndi adzukulu anayi, ndikawaika pati ana anga? Mbale ija ndinapatsa inu, Tete, osati iwo. Chitanipo kanthu.

Mandipa

Francistown
14 Okutobala 1996

Achimwene,

Moni wanga ndi womwewu. Ndinkati ndinu munthu wosalankhula, sindinkadziwa kuti ndinu munthu wochenjera.

Mwazula khonje la bambo. Mwakhoma chitsulo m'khitchini ya mkazi wamasiye, n'kumuuza kuti akamve kwa ine, pamene ine kalata yanu yomaliza ndi ya mu Julaye. Bodza lotere mwaliphunzira liti? Mwadula pawiri, mbali ina yanu, ina yanga, poganiza kuti ndikaona dzina langa pa chikalata ndidzatseka pakamwa. Munandiyeza molakwika. Malo ogula ndi misozi ya ana a Kudzanai sindiwafuna.

Munayamba bwino mu Febuluwale, mawu okoma, Mandipa asadzachotsedwe. Kodi anakutembenuzani ndi alamu anga, kapena munali nazo kale? Ndalama ya wopima wakuzula khonjeyo ndinatumiza ndine, zimenezo ndiye zikundiwawa koposa.

Musavutike kuyankha, ndachita kale. Ndalembera khonsolo kalata yosainira, yapita Lachisanu. Ndawauza kuti ine mwana wa mwini malo ndikutsutsa pempho lanu, banja silinagwirizane. Ndipo poti inu mumadziwa mamita, nanenso ndawapatsa mamita. Ndawauza kuti dambo limene wopima wanu wajambula pa mapu si lonse, anapima nthawi yachilimwe. Mvula ikakwiya madzi amafika mpaka pa mtengo wa gwafa, tonse tinkagwira matemba pamenepo tili ana. Apite akaone okha mvula ikayamba. Tione ngati awiri anuwo atuluke.

Bambo akanakhala moyo simukanayerekeza.

Nyengeterai

Pa envelopu ya kalata yotsatirayi pali mawu olembedwa ndi dzanja la Nyengeterai: Yafika pa 9 Disembala. Anaitenga ndi Mai Chenai ogulitsa nsalu zoluka. Anawabweza pachipata cha dziko, kenako mwana wawo anadwala, kalata n'kukhala m'chikwama miyezi itatu.

Nyamatsanga
15 Seputembala 1996

Mlongo wanga Nyenge,

Moni. Kalata iyi sindiponya kupositi chifukwa amene amandiponyera masiku ano ndi Garikai, ndipo envelopu akaiika pa nthunzi imatseguka. Ndapatsira Mai Chenai, anyamuka Lachitatu, akupatsa pamanja.

Anandijambula monga unanenera. Si fumbi. Iwe ndiwe namwino, sindichita kukuuza zambiri. Dokotala akuti ndikaona mvula ziwiri ndiye kuti ndili ndi mwayi.

Ndaganiza motere. Tidula pakati monga anafunira mayi wa magalasi uja. Mbali ya kumadzulo, kumene kugwere nyumba ya Kudzanai, ilembedwa dzina la Mandipa. Ya kum'mawa ilembedwa lako. Ine ndituluka. Ndili ndi nyumba ya kulokeshoni, imeneyo imukwanira Garikai ndi mayi ake. Usandiyese woyera mtima, ndalimbana nazo miyezi iwiri ndipo chigawo changa ndimachikonda kuposa mmene ukudziwira. Kungoti mwa atatufe, amene sadzafuna malo nthawi yaitali ndine.

Mzere udutsa pa khitchini yake ya panja, palibe kuchitira mwina. Ndidzamumangira ina mphamvu zikalola. Khonje nalo akuti lizulidwe kuti pasakhale malire awiri. Tsiku limenelo sindikudziwa kuti maso ndidzawaika kuti.

Tsono ntchito yako ndi iyi. Umuuze Mandipa ndiwe. Ine sindingalowe pakhomo pake kukakhala pansi, ukudziwa pakamwa pa anthu a kuno. Akangomva kuti ndamupatsa chigawo changa, adzati chilipo chimene ndikulipira, ndipo dzina loipalo lidzatsala ndi iye ine nditapita. Mai Garikai sindinawauze ndipo sindiwauza mpaka zikalata zitatuluka. Akadziwa msanga athamangira ku khonsolo kukatsutsa, ndipo mayi uja anandichenjeza kuti wachibale mmodzi yekha akatsutsa, pempho limaima. Asiye aziganiza kuti kumadzulo n'kwawo. Umuuze Mandipa apirire zonyoza zawo, akhale chete mpaka Januwale. Khonsolo ikhala pansi mwezi umenewo.

Mbale ya madzi ija anapatsa iwe. Mwina anachita bwino, koma nanenso mng'ono wanga ndinkamukonda.

Mlongo wako,
Tapfumaneyi

Francistown
9 Disembala 1996

Achimwene anga,

Kalata yanu ya Seputembala yafika lero masana. Ndaiwerenga nditaima pageti la chipatala, ndipo mlonda anachita kundibweretsera mpando.

Ndakutukwanani muli wodwala, ndakutchani wabodza. Ndikhululukireni, achimwene, ndagwada.

Ndalembera khonsolo lero lomwe kuti ndabweza zonse, ndinalemba ndili wokwiya, banja lagwirizana. Kalatayo ndapatsira dalaivala wa basi ya mawa ndipo ina ndaponya kupositi. Kodi ikwanira? Pitani kwa mayi wa magalasi uja, kapena ngati simungathe kuyenda ndiuzeni ndibwere ndikagwade ndekha. Tchuthi andikaniza mpaka Febuluwale koma ndikhoza kungochoka.

Mandipa ndamulemberanso. Mukumwa mankhwala anji? Mukudya? Yankhani msanga, ngakhale mzere umodzi.

Nyenge

Nyamatsanga
26 Januwale 1997

Nyengeterai,

Moni. Ndikulemba nditagona, usadabwe ndi zilembo.

Kalata yako ya Okutobala inandipeza m'chipatala. Ndinaganiza kuti yanga unaiwerenga n'kusankha kusaikhulupirira, ndiye ndinaona kuti palibe choyankha. Za Mai Chenai ndamva tsopano. Kulakwa n'kwanganso, ndinachenjera mopitirira.

Khonsolo yakhala pansi, yakana. Kubweza kwako analandira, za mkangano wa banja anazichotsa. Koma za madzi sakanazichotsa. Anatuma munthu wawo sabata yoyamba ya mwezi uno, mvula itagwa masiku anayi osalekeza. Anapeza madzi ali pa tsinde la gwafa, monga unanenera. Sunaname. Malire a dambo awakweza mpaka pamenepo, nthaka youma yotsala siikwana hekitala. Mayi uja anabwera yekha kudzandiuza pa benchi kuofesi kuja. Anati, "Bambo, tikanapanda kuuzidwa sitikanapita. Koma taona, ndipo zimene taona sindingazifufute. Panopa sipatuluka awiri. Malowa ndi amodzi basi."

Ndinafunsa ngati ndingalembe malo onse dzina la Mandipa. Loya akuti n'zotheka, koma pafunika miyezi ndi mapepala ena a msonkho. Mai Garikai adziwa zonse tsopano, chikalata cha malo achichotsa m'sutikesi, sindikudziwa kumene achiika. Ine panopa kufika pachitseko ndi ulendo.

Wapempha kuti ndikukhululukire. Ndakukhululukira, koma usaganize kuti sindinakwiye. Ndakwiya kwambiri. Kuyambira uli mwana umayamba kuponya mwala kenako n'kufunsa kuti kunali ndani. Madzi akatayika saoleka, Nyenge.

Ukabwera mu Febuluwale undibweretsere malalanje.

Tapfumaneyi

Lokeshoni ya Njanji
30 Ogasiti 1998

Tete,

Makalata anu anayi ndinalandira, ndi zimene munaikamo. Sindinayankhe chifukwa ndinalibe tebulo, ndipo nditapeza tebulo ndinalibe mtima. Muli bwanji? Ife tilipo. Ndikuchita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya munthu wina wa kunjanji. Tinotenda ndili naye. Ruvarashe ndinamutumiza kwa mayi kumudzi, sukulu ya kumeneko ndi mtunda wa maola awiri ndipo wabwerera m'mbuyo.

Mwafunsa mmene zinathera mutabwerera ku Botswana maliro a abambo aakulu atatha. Garikai anadikira chaka, ndimuyamikire pamenepo. Chikalata chinapezeka tsiku lomwe akhoti anamulemba dzina. Mu Epulo anabwera atavala suti ya bambo ake, anakhala pampando wa Kudzanai, anati, "Amayi aang'ono, malo ndagulitsa. Ndakupempherani miyezi iwiri yoti musamuke."

Ndinati, "Mwanawe, kalata ya bambo ako atete ako anakuwerengera pamaliro. Sunamve?"

Anati, "Ndinamva. Koma kalata si chikalata."

Mayi ake anaima pakhomo osalowa. Sananyoze tsiku limenelo, ndipo nkhuku zawo nazonso zinachoka pa ngolo imodzi ndi katundu wanga. Garikai sanakwatire, anagula galimoto.

Wogulayo ndi bwana wina womanga nyumba zogulitsa. Sabata yatha ndinadutsako popita kukaoda tomato. Tete, mukadzabwera musadzapiteko. Nyumba yanga anagwetsa, njerwa zanga anathira m'dambo pamodzi ndi miyala yambirimbiri ya pa malole. Gwafa anadula. Akumba ngalande, aika mapaipi a zimbudzi mpaka kukalumikiza kutauni, alambula kamsewu pakati. Pachikwangwani alemba kuti mapuloti khumi ndi awiri, ovomerezedwa ndi khonsolo.

Ndinapita kuofesi kuja, sindikudziwa chimene ndinkafuna. Mayi wa magalasi alipobe. Ndinati, "Mayi, ife atatu munatikaniza, awiri munatikaniza, uyu khumi ndi awiri mwamulola bwanji?"

Anati, "Lamulo ndi lomwe lija. Pakakhala mapaipi ndi msewu, mapuloti aang'ono amaloledwa. Inu munalibe mapaipi."

Ndinathokoza n'kutuluka. Sananame, ngati mmene inu simunanamire za gwafa. Aliyense pa nkhaniyi ananena zoona, ine ndi amene ndikugona pansi.

Mwalemba kuti mukufuna kundigulira kapuloti kamodzi mwa khumi ndi awiriwo. Musatero. Sindingagule pamene ndinaumba njerwa ndili ndi mimba, ndipo sindingamwe tiyi pakhonde ndikuyang'ana pamene panali khitchini yanga. Ngati mukufuna kuthandiza, mutengeni Ruva akaphunzire kwanuko. Chimenecho ndilandira.

Mwafunsanso kanayi konse ngati ndakukwiyirani. Ndinene zoona, eya, masiku ena. Koma amene anakulemberani kuti chitanipo kanthu ndine, ndiye mkwiyowo ndimagawana nanu. Chimene chimandidya ndi china. Chikhomo chija ndinkachithira madzi otsukira mbale, ndinkachitemberera m'mawa uliwonse, osadziwa kuti chikulondera nyumba yanga. Munthu wodziwa anali ataima kumsewu, mapazi makumi awiri kuchokera pakhonde langa, chipewa m'manja.

Tsiku la mwambo lija ndinadutsa amuna atatu ndi mbale ya madzi n'kudzaiika pamaso panu, anthu anandiyamikira kuti ndine mkazi wolimba, nanenso ndinadziyamikira. Ndikanaiika pamaso pa abambo aakulu, bwenzi atalowa m'nyumba mwanga masana anthu onse akuona, kukhala pampando, n'kundiuza kuti, "Mai Ruva, chikhomochi n'chanu." Mawu anayi okha, Tete.

Mbaleyo ndikadali nayo. Denga la chipinda chino limadontha pakona, ndiye ndimatchera pamenepo.

Ndine,
Mandipa